Phukusi la Anti Doro

Ofu yanga yoyamba ndinaipeza nditagwira ntchito miyezi khumi ndi umodzi m'nyumba ya Aluya ku Al Ain. Miyezi yonseyo dziko langa linali khitchini, chipinda cha ana ndi kakhomo kakuseri kumene timatayira zinyalala. Amene anandimenyera nkhondo anali Anti Doro, mayi wa ku Nkhotakota amene amagwira ntchito m'nyumba yoyandikana ndi yathu. Iwo akhala kuno zaka zisanu ndi zinayi, Chiarabu amachita kuchitafuna, ndipo tsiku lina anaima pageti n'kukambirana ndi madamu anga mpaka madamuwo anagonja. Anandipatsa Lamlungu limodzi pamwezi, koma ndi lamulo loti 6 koloko madzulo izindipeza ndili m'nyumba. "Ukadzachedwa kamodzi kokha, khalas," anatero madamu. Khalas ndiye kuti nkhani yathera pomwepo.

Amene sanakhalepo m'nyumba ya eni ake sangamvetse kuti tsiku limodzi ndi chiyani. Lamlungu limenelo ndinkakwera basi kupita ku Dubai, kufulati ya Mai Mbewe ku Al Nahda. Mai Mbewe ndi namwino, ndipo pabalaza pawo ndi pamene atsikana a ku Malawi timakumana. Timapemphera, timaimba, timajeda mabwana athu, timaseka mokweza popanda wotiuza kuti mwana wagona. Ndinkachita kuwerengera masiku. Maulendo atatu oyamba anayenda bwino. Umene ndikunena pano ndi wachinayi, mwezi wa Ogasiti, nthawi imene dzuwa la kuno limawotcha ngakhale uli pamthunzi.

Loweruka madzulo ndikutaya zinyalala, Anti Doro anandiitana pakhomo lawo lakuseri.

"Iwe Esinati, mawa ndi ofu yako eti? Mai Mbewe abwera kuchokera kumudzi, ali ndi kaphukusi kanga. Ukanditengere mwanawe, ndi kakang'ono."

"Inu simupita, Anti?"

"Miyendoyi. Komanso madamu ali ndi alendo."

Sindinafunse kuti m'kaphukusimo muli chiyani. Kuno tili ndi malamulo athu osalembedwa. Munthu akamachokera kumudzi amanyamula katundu wa anzake, amene ali pa ofu ndiye amakhala ngolo ya onse, ndipo phukusi la mwini sufunsa, sutsegula. Ukafunsa amati wayamba matama, kapena ukufuna kudziwa zimene anzako akutumiziridwa. Tsiku lomwelo madamu anandikumbutsanso kuti Lamlungulo ali ndi ukwati wa m'bale wawo ndipo ana adzatsala ndi ine. Anandiwonetsa zala zisanu ndi chimodzi, ngati kuti kuwerenga ndinaiwala.

M'mawa ndinakwera tekisi mpaka kudepoti, n'kupeza basi ya 6:30 ikudzaza. Ndalama yake ndi madiramu 25, amadula pakhadi yomwe timakwereranso sitima. Akazi timakhala kutsogolo. Ndinakhala ndi mayi wina wa ku Uganda, nayenso wantchito zam'nyumba, amene ulendo wonse anali kalikiliki kudzikonza nkhope pakagalasi. Anapaka, anafufuta, anapakanso, kenako anavula nsapato n'kuyamba kupala zidendene. Tizikhungu tinkagwera pasiketi yanga. Ndinkangosasa mwakachetechete chifukwa munthuyo anali wochezeka. Ndiye amene anandikumbutsa m'Chingerezi kuti, "Pobwerera usaphonye ya 3:30. Imeneyo ndiyo basi ya ife antchito. Yotsatira ndi ya anthu opanda madamu." Kunja kunali mchenga wokhawokha. Ndinawonako ngamila ziwiri, kenako nyumba zitalizitali zinayamba.

Basi ya ku Al Ain imathera pa Al Ghubaiba, ndipo siteshoni ya sitima ili pomwepo. Ndinatsikira pansi, n'kukwera sitima mpaka siteshoni ya Al Nahda, kenako kabasi kena kopita kumafulati. Itangodutsa 10 koloko ndinali ndikugogoda kwa Mai Mbewe.

Tinalipo anthu khumi ndi awiri, ena pamipando, ena pansi. Mapemphero anatalika chifukwa tinkathokozanso kuti Mai Mbewe ayenda bwino. Titatha tinadya mpunga wa nkhuku. Ine maso anali pawotchi, koma lamulo lina ndi ili: sungangofika kwa munthu amene wachokera kumudzi n'kunena kuti ndipatseni katundu wanga ndizipita. Uyambe wamva za kumudzi. Ndiye Mai Mbewe anayamba ndi maliro, mmodzimmodzi, ndani anadwala chiyani, anagona masiku angati m'chipatala, ndani analira kwambiri, ndani sanabwere n'komwe. Atatha maliro analowa m'maukwati amene atha. Wina akafuna kudzuka, wina amafunsa funso latsopano. Ndinkafuna kunyamuka 1:30, koma 2 koloko inakwana tidakali pa nkhani ya mkamwini wina amene anagulitsa malata a nyumba ya apongozi ake.

"Mai, mundikhululukire," ndinatero pomaliza. "Kwathu n'kutali."

"Aaa zoona, a ku Al Ain! Dikirani achemwali, katundu wanu ali pakhonde."

Pakhonde. Mwezi wa Ogasiti, masiku anayi chifikireni Mai Mbewe. Zimenezi ndinaziganizira mochedwa. Anabwera ndi mapukusi atatu. Awiri anali a atsikana ena a ku Al Ain, ang'onoang'ono, ooneka kuti ndi ufa ndi chiponde. Lachitatu ndiye kaphukusi ka Anti Doro kaja. Linali lalikulu ngati pilo, losokedwa m'saka, lokulungidwa ndi tepi mbali zonse, dzina litalembedwa ndi inki yakuda. Mai Mbewe analinyamula atatambasula mkono, nkhope atayang'ana kumbali. Analiponya m'chikwama chachikulu chamizeremizere pamodzi ndi awiri aja, n'kutseka zipi msangamsanga.

"Chikwamachi musavutike kubweza," anatero.

Ndinathokoza, n'kumaganiza kuti mayiwa ndi a mtima wabwino bwanji.

Ndinatuluka 2:20. Kabasi kanachedwa, ndipo katabwera kanakakamira pamzere wa magalimoto ochokera ku Sharjah. M'kabasimo ndi mmene ndinamva kafungo koyamba. Ndinayang'ana bambo amene anaima pafupi nane, wovala ovolosi yonyowa ndi thukuta, n'kunena mumtima kuti anthu ena madzi amawaopa. Ndinachita kumutembenukira msana. Mulungu andikhululukire, bambo uja analibe mlandu.

Pa siteshoni ya Al Nahda ndinafika 2:45. Ndinawerengera kuti sitima imatenga mphindi zosapitirira makumi atatu kukafika pa Al Ghubaiba, ndiye nthawi inalipo, ngakhale inali yothina. Ndinalowa mbali ya akazi n'kupeza mpando, chikwama ndinachiika pakati pa miyendo. Mbali ya akazi imanunkhira. Aliyense amakhala atadzithira zake, za maluwa, za utsi wa mitengo ija Aluya amafukiza. Zitseko zinatsekeka, mphepo yozizira inayamba kuzungulira, ndipo tisanafike siteshoni yachiwiri fungo linadzuka.

Abale, ndinakulira kunyumba kodya nsomba, koma chimene chinatuluka m'chikwama chija sichinali fungo wamba. Poyamba linali la utsi, la mlamba wowamba, loti Mmalawi aliyense angalizindikire ali m'tulo. Pansi pake panali lina, lolemera, lotsekemera moipa, la chinthu chimene chinafa kawiri. Linkalowa m'mphuno n'kukakhala pakhosi. Mayi amene anali kumanja kwanga anasiya kulankhula pafoni. Wa kumanzere anakoka mpango n'kutseka pakamwa. Mtsikana wina anayang'ana pansi pa nsapato zake. Mayi wina wovala mkanjo wakuda anatulutsa kabotolo n'kupopera mafuta onunkhira m'mwamba katatu, ndipo zinthu ziwirizo zitasakanikirana mseru unandigwira.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandinyansa kuposa fungolo. Ndinakankhira chikwama pansi pa mpando ndi chidendene. Kenako ndinadzuka ngati ndikupatsa malo munthu wachikulire, ndinasuntha mapazi atatu, n'kugwira chitsulo. Ndinatseka mphuno ndi zala, n'kumayang'ana uku ndi uku nditakwinya nkhope ngati anzanga onse. Ndinafika mpaka popukusa mutu. Ine Esinati, mwana wa mayi wogulitsa usipa pamsika wa Lunzu, amene fizi yanga yonse inachokera m'lichero la nsomba.

Ndinkaganiza kuti ndikafika pa Al Ghubaiba ndingochikoka n'kuthawa. Koma pa Union, pamene anthu ambiri amasinthira sitima, mpando uja unatsala wopanda munthu, ndipo chikwama chinaonekera poyera. Pansi pake panali patayamba kadziwe ka madzi akuda. Munalowa mayi wa yunifolomu, mmodzi wa oyang'anira m'sitima. Sanachite kufufuza, mphuno inamutsogolera.

"Chikwama ichi n'cha ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

Ine ndinayang'ana pawindo, ngakhale kunja kunali mdima wa pansi pa nthaka.

Anafunsanso kachiwiri, kenako anatulutsa wailesi yam'manja n'kuyamba kulankhula mofulumira. Mayi wina wa ku Philippines amene anaima pambali panga anandinong'oneza kuti, "Chikwama chopanda mwini ndi nkhani yaikulu. Aimitsa sitima, atitulutsa tonse, abwera apolisi ndi agalu." Mawu oti apolisi anandilowa m'mafupa. Zimenezo sindinaziganizire. Ndinachotsa zala pamphuno n'kukweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"N'changa."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Mayi wa ku Philippines uja anasuntha. Palibe amene anatukwana, ndipo bola akanatukwana. Ankangondiyang'ana, munthu amene mphindi yomweyo anali atatseka mphuno limodzi nawo.

Anandititsa pa siteshoni yotsatira, Baniyas Square. Woyang'anira uja anayenda nane mpaka pamwamba, iye patsogolo, ine pambuyo ndi chikwama chodontha. Anandiimika pachikwangwani china chimene ndinali nditachidutsa maulendo onse osachiyang'ana. Panali zithunzi za zinthu zoletsedwa, ndipo pakati pake panali nsomba, yojambulidwa bwinobwino ndi mchira wake, itadulidwa ndi mzere wofiira.

"Nsomba m'sitima ayi," anatero. Sanali waukali, ankalankhula akupuma ndi pakamwa. "Sindikulipiritsa. Kataye panja m'bini, ukasambe m'manja, ubwere ukwere ina. Apo ayi, yenda nayo wapansi."

Inali 3:05. Panatsala masiteshoni atatu okha, mphindi zisanu ndi ziwiri pasitima. Koma pakati pa Baniyas Square ndi Al Ghubaiba pali madzi, mtsinje uja wa m'nyanja umene umadula mzinda pakati. Sitima imadutsa pansi pake. Munthu wapansi sadutsa.

Ndinaimbira Anti Doro. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Bini inali pomwepo potulukira, yaikulu, yotsegula kukamwa. Ndinaiyang'ana, n'kukumbukira Anti Doro ataima pageti padzuwa kundipemphera ofu. Ndinaganizanso kuti mwina m'kati muli zinthu zina, mankhwala kapena kalata, nanga ndinalitsegula? Ndinanyamula chikwama n'kutuluka.

Kunja mpweya unali ngati wa mu uvuni. Tekisi yoyamba inaima, ndinatsegula chitseko, dalaivala anakoka mpweya kamodzi n'kuyamba kukupiza dzanja. "La, la, la!" Ayi wake ameneyo. Wachiwiri anandiuza kuti ndiike chikwama kumbuyo, anatsika kudzanditsegulira, atafika pafupi anatseka buti n'kubwerera pampando wake. Wachitatu sanaime n'komwe, kaya anauzana. Mutu unaima. Ndinayamba kungoyenda, ndipo m'malo molowera kumadzi ndinalowera ku Naif, m'tinjira todzaza mashopu a mafoni ndi anthu okankha ngolo za makatoni. Kumeneko anthu amapanikizana phewa ndi phewa, koma ine njira inkangotseguka yokha.

"Imwe sisi! Iyo ni milamba, olo ninama?"

Ndinatembenuka. Anali bambo wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu, atakhala pakatoni pakhomo pa shopu yotumiza katundu. Chinyanja chake chinali cha ku Zambia.

"Ndi milamba, bambo. Koma si yanga."

"Nanvela kuchokela uko ku kona. Yaonongeka iyo, mamama. Muyenda nayo kuti?"

"Ku Al Ghubaiba. Basi yanga inyamuka 3:30. M'sitima anditsitsa, matekisi akukana."

Anayang'ana wotchi n'kuseka, osati monyoza. "Mwasoba njila, uku ni ku Naif. Bwelelani, muyende straight mpaka pa manzi. Pali tuma boti twa one dirham, tuoloka. Kuja ku side mupite mu market ya nyula, muzaona ma bus. Koma sisi, siyani chabe ivi apa, nizataya ine. Muzathamanga bwino."

"N'za eni ake, bambo."

"Eni ake ali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Ehe," anatero. "Yalla, thamangani."

Ndinathamanga. Chikwama chinkandimenya m'miyendo, madzi ake akuda akundidonthera m'masandasi. Pofika pamadzi inali 3:16, thukuta lili kamukamu, bulauzi itamatirira kumsana. Mabwato ake ndi amatabwa, okhala ndi kadenga, anthu amakhala mozungulira atapatsana misana. Ndinakwera limene linali kutsogolo, ndinapereka diramu yanga, ndipo ndinaganiza kuti basi ndapulumuka.

Bwato silinyamuka lisanadzaze. Linali litatsala anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo anthu ankabwera ndithu. Koma aliyense akaponda phazi limodzi, ankaima, kununkhiza, n'kubwerera kukakwera lachiwiri. Azungu awiri okaona malo anafika mpaka pokhala, kenako mkaziyo anagwira pakamwa n'kutsika, mwamuna pambuyo. Bwato lakumbuyo linadzaza n'kunyamuka ife tikuliwona. Amene anali m'bwato lathu anayamba kung'ung'udza m'zinenero zawo, ndipo sindinafunikire womasulira. Fungo la dizilo, la madzi amchere ndi la chikwama changa zinagwirizana, moti ineyo ndinkameza malovu kuti ndisasanze. Mphindi zinayi zathunthu tinakhala pamenepo. Pomaliza woyendetsa anadzuka, anatenga chikwama ndi zala ziwiri, anakachiika kunsonga kwenikweni kwa bwato, n'kuliza injini malo asanadzaze. Ankalankhula yekha njira yonse.

Za kukongola kwa pamadzipo musandifunse. Ndinkayang'ana wotchi ya pafoni basi. Tinafika tsidya linalo 3:26. Ndinadumpha bwato lisanamangidwe, n'kulowa mumsika wa nsalu uja. Ogulitsa amene amakonda kukuitanira mipango ankayamba kuti "Sister, sister," kenako mawu ankawathera pakhosi. Sandasi imodzi inaduka lamba, ndinaivula n'kuinyamula m'manja. Pansi pankawotcha ngati chiwaya, koma ndinalibe nthawi yomva kupweteka. Nditatulukira pamsewu waukulu ndinawona madenga a depoti, ndipo nditalowa ndinaiwona basi ya ku Al Ain idakali pamalo pake, injini ikulira. Inali 3:33. Basi inali itachedwetsedwa ndi bambo wina wa makatoni ambiri amene ankawalonga m'chipinda cha katundu cha pansi pa basi.

Ndinayamika Mulungu mokweza. Ndinapita molunjika kuchipinda cha katunducho kuti ndiponyemo chikwama, koma dalaivala anali ataima pomwepo. Anayang'ana chikwama, anayang'ana mzere wa madontho umene unanditsatira kuchokera pageti, n'kuika phazi kutsogolo.

"Ichi ayi. Chinyowetsa katundu wa anthu."

"Chonde bambo, ndichedwa kuntchito."

"Iwe kwera. Ichi ayi." Analoza bini imene inali mapazi anayi kuchokera pamene tinaima. "Mphindi imodzi, ndikutseka."

Pawindo lakutsogolo ndinawona mayi wa ku Uganda uja. Ankagogoda galasi, akundikodola ndi dzanja kuti ndikwere. Pambali pake panali mpando wopanda munthu.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinandigwira manja. Ndikanatha kutulutsa timapukusi tiwiri tija, n'kuponya chotsalacho m'bini. Koma ndinkawona nkhope ya Anti Doro ndikuwauza kuti katundu wanu wochokera kumudzi, amene wina anasoka ndi manja, amene wawoloka mayiko, ndamutaya m'bini ku Dubai. Ndinkamva kale mmene nkhaniyo idzayendere pagulu lathu la pafoni, kuti Esinati watukuka, zakumudzi zikumununkha. Komanso ndinali nditachikana kale kamodzi chikwamachi m'sitima muja, ndipo manyazi ake anali asanandichoke. Ndinaimbanso foni. Inaitana, inaitana. Dalaivala anatseka chipinda cha katundu, anakwera, chitseko chinapuma n'kutsekeka. Mayi wa ku Uganda anatambasula manja kundifunsa kuti bwanji, basi n'kubwerera m'mbuyo, n'kukhota.

Ndinakhala pabenchi, sandasi imodzi m'manja. Anthu anandisiyira benchi yonse.

Nzeru zimene zinasowa pa nthawi yake zinabwera tsopano. Ndinapita kukagolosale kapafupi n'kugula majumbo akuda otayira zinyalala, tepi ndi sopo. Ndinalowa m'chimbudzi cha padepoti, n'kukulunga phukusi lija m'majumbo asanu, lililonse ndi tepi yake, timapukusi tiwiri tija n'kutitulutsa, chikwama chamizeremizere n'kuchitaya. Ndinasamba m'manja ndi m'miyendo katatu. Mayi wokolopa m'chimbudzimo anaima ndi mopu wake kundidikira kuti ndimalize, ndipo nditatuluka ndinamva akuthira mankhwala pansi. Basi yotsatira inanyamuka 4 koloko itapitirira kale. Dalaivala wake sanafunse kanthu, phukusi linalowa pansi ngati katundu wina aliyense.

Potuluka mu Dubai tinakakamira pamzere wa magalimoto, ndipo 6 koloko inandipeza pakati pa mchenga, dzuwa likufiira kumanja. Foni inalira kawiri, madamu. Ndinayankha kachitatu n'kunena kuti ndili m'njira. Anangodula.

Ndinafika pageti 7 koloko itatsala pang'ono. Galimoto inali panja, injini ikulira, bwana ali pachiwongolero. Madamu anali ataima pakhonde atavala za ukwati, golide m'manja monse, mwana wamng'ono akulira atagwira diresi lawo. Phukusi ndinali nditalisiya kuseri kwa mpanda. Ndinayamba kupepesa, koma iwo anakweza dzanja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato, mphuno zawo zinagwedezeka.

"Kasambe kaye usanagwire mwana wanga," anatero. Atafika pachitseko cha galimoto anatembenuka. "Za ofu, khalas."

Sanakalipe, ndipo sanabwerezenso. Madamu anga akanena chinthu motsitsa mawu ndiye kuti chakhazikika.

M'mawa mwake ndinakumana ndi Anti Doro kuseri, pamabini. Anabwera ndi mpeni wa kukhitchini, akumwetulira.

"Wandipeza nalo mwanawe! Dzulo foni inali kutchaja, ndaona mamisidi kolo ako usiku."

Anadula majumbo anga asanu, anadula tepi, anang'amba saka. M'kati munali nyuzipepala zonyowa, ndipo atazifunyulula tonse tinabwerera m'mbuyo. Inali milamba isanu ndi umodzi, yaikuluikulu, yotupa, yofewa ngati phala. Mphutsi zoyera zinali yakaliyakali m'mitu. Munalibe kalata, munalibe mankhwala.

"Aaa, anthu awa!" anatero Anti Doro, atagwira m'chiuno. "Ndinawauza kuti aumitse bwinobwino. Ndalama zanga zapita pachabe." Ananyamula zonse ndi nsonga za zala, anaponya m'bini n'kutseka chivindikiro. "Nanga iwe sunamve kuti zaola? Bwanji sunangotaya konko?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira m'sitima mpaka padepoti. Atamva za sitima anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Unakwera nazo sitima? Iwe Esinati! Nsomba sakwera nazo sitima, aliyense amadziwa zimenezo. Ine n'chifukwa chake zoterezi sindinyamula."

Ndinawayang'ana. Iwo anapukuta mpeni pa epuloni, n'kutsitsa mawu ngati akundiuza chinsinsi chabwino.

"Usadandaule. Mwezi wamawa kukubwera mlamu wake wa Mai Mbewe, ndauza kale kumudzi kuti ulendo uno atumize youma kwambiri. Ukanditengerenso eti?"

"Ndilibenso ofu, Anti. Andilanda dzulo."

"Ayi, pepa mwanawe," anatero. Anayang'ana mpeni wawo. "Nanga mtsikana uja wa nyumba yapakona, wa ku Dedza uja, ofu yake imakhala liti?"